Tsiku Limene a Levi Anakana Ndalama

A Levi Khoromana anafika ku Mauwa tsitsi lili bii, ndipo imvi zinawapeza komweko, koma munthu akawafunsa kwawo ankayankha mosaganiza n'komwe kuti ku Mbombwe. Ku Mauwa anangopitirako ukwati. Nyumba imene ankagonamo inali pamalo a akazi awo, mayi Ellina. Munda umene ankathyokera msana unali wa mbumba ya mayi Ellina. Ngakhale mtengo wa mapeyala umene anadzala ndi manja awo chaka chimene anabadwa mwana wawo Thandie, anthu ankautchula kuti peyala wa kwa Ellina. Akamwini ambiri zotere amazolowera, ena mpaka kunenepa nazo. A Levi sanazolowere. Zinkawawawa, ndipo ankangomeza.

Chinthu chimodzi chokha chinali chawochawo, chopanda dzina la munthu wina pamwamba pake, ndicho galimoto.

Ali mnyamata a Levi ankasenza simenti pashopu ina ya hadiweya ku Limbe. Kenako anaphunzira chiwongolero, nayamba kuyendetsa lole ya shopuyo. Loleyo ndi imene inawapezera banja, chifukwa tsiku lina inatitimira m'dambo la ku Mauwa, ndipo mwa atsikana onse amene anabwera kudzaonerera, mmodzi yekha ndiye anawaseka pamaso, n'kuwafunsa ngati layisensi yawo anaigula kumsika wa kaunjika. Ameneyo anali Ellina. A Levi anakwiya sabata yathunthu, kenako anatuma ankhoswe.

Anayendetsa loleyo mpaka bwana wawo anatopa nawo, iwonso atatopa naye. Ndalama zopumira ntchito sanafike nazo kunyumba. Ankawadziwa bwino alamu awo a Bernard, mchimwene wa mayi Ellina komanso mwini mbumba, munthu amene mphuno yake inkanunkhiza ndalama ili m'thumba la mkati la jekete. Ndalamazo zikanangogona ku Mauwa, kukanacha a Bernard ali pakhonde ndi mavuto a mbumba yonse, kuyambira fizi ya adzukulu mpaka mbuzi ya mlandu wa chaka chatha. Choncho a Levi anazisandutsa pikiapu yakale yoyera tsiku lomwelo, nafika nayo pakhomo ikutsokomola utsi.

Kunena zoona, galimotoyo inali itaona zambiri isanakumane ndi a Levi. Chitseko cha kumanzere chinkatsekedwa ndi linya, galasi la kumbuyo linasweka kalekale, hutala inkalira ikafuna yokha, ndipo pachitunda chilichonse injini inkapempha madzi. Kulira kwake ana a ku Mauwa ankakuzindikira ili kutsidya kwa dambo. Koma ntchito inagwira. Tomato ndi kabichi wopita ku Limbe, nandolo, akwati, amayi amene matenda awayamba, mabokosi a maliro, zonsezi zinakwerapo. Wopanda ndalama ankalipira nkhuku, mbatata kapena mtolo wa nzimbe, ndipo a Levi ankalandira, atayamba ayeza nkhukuyo m'manja n'kudandaula kuti ndi nthenga zokhazokha.

Anali ndi lamulo limodzi limene sanaliphwanyepo: munthu wa m'mudzi sasiyidwa pamsewu. Kaya galimoto yadzaza motani, kaya munthuyo anakangana naye dzulo, a Levi ankaima basi. Anthu ankati ndi chifundo. Chifundocho chinalipo pang'ono, koma chenicheni chinali chakuti pagalimotopo pokha m'pamene iwo anali eni malo, wina n'kumapempha. Palibe chinkawakoma ngati kuona a Bernard atakhala kumbuyo pa matumba a nandolo, fumbi lili mbuu, akugwira chipewa kuti chisauluke.

Mantha awo anali amodzi. Anaona ndi maso awo mkamwini mnzawo wa kuseri kwa tchalitchi, mkazi wake atamwalira, akuperekezedwa kumsewu ndi kachikwama ndi wailesi, nyumba imene anaumbira yekha njerwa ikutsala m'mbuyo. Palibe anamukalipira. Anamuthokoza bwinobwino, anamupempherera, n'kumukweza kabaza. Kuyambira tsiku limenelo a Levi akamva mayi Ellina akutsokomola, mtima unkawagunda pa zifukwa ziwiri. Ankawakonda ndithu akazi awo. Komanso ku Mbombwe analibe ngakhale khola la nkhuku loti n'kulowamo.

Kenako maso anayamba kuchita ng'ala. A Levi anabisa kwa nthawi, monga amachitira madalaivala onse, mpaka tsiku lina anaimitsa galimoto kuti anyamule mayi wina amene anaima m'mbali mwa msewu. Anadikira, anaitana, anayamba kukalipa kuti anthu a masiku ano n'ngamwano, kenako anazindikira kuti akulankhula ndi chitsa cha bulugamu. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono atatsimikiza mumtima. Galimoto igulitsidwe asanaphe munthu, ndipo ndalama zake zonse zikamange kanyumba ku Mbombwe pafupi ndi mlongo wawo Agnes, popanda wa ku Mauwa aliyense kudziwa.

Anapita kwa Agnes kukaona malo. Agnes anawalozera kachigawo kakang'ono kuseri kwa nkhokwe, nawafunsa ngati alamu ake, mayi Ellina, akudziwa.

"Adziwa nthawi yake," anatero a Levi.

"Nthawi yake ndi iti?"

A Levi anayamba kufunsa za mtengo wa njerwa.

Kunyumba ananena kuti galimoto ikukaonana ndi makaniko. Anakaiimika ku Namitambo, kutali ndi maso a abale, natsina khutu akabaza angapo kuti chitsulo chili pamsika. Kugulitsa sikunawaopse. Chinkawasowetsa mtendere chinali kulandira, chifukwa galimoto ikachoka n'kutsala opanda kanthu m'manja, ndiye kuti moyo wawo wonse wapita pa matayala anayi.

Woyamba kubwera anali bambo wina wa ku Blantyre, wa nsapato zosongoka, wonunkhira mafuta. Sanatsegule n'boneti yomwe. Mtengo umene a Levi anatchula anangouvomera, ndipo zimenezi zinawadetsa nkhawa, chifukwa kwa iwo munthu wosanenerera mtengo anali wakuba kapena wodwala mutu. Bamboyo anadinadina foni yake, foni ya a Levi n'kulira m'thumba.

"Zalowa, madala. Onani meseji, mundipatse makiyi."

"Kulira ndamva," anatero a Levi. "Koma ngakhale Thandie akaimba imalira chomwecho. Tiyeni kwa ajenti apo, akatiuze ngati zilimodi."

Bamboyo anati akataye kaye madzi kuseri kwa msika. Mpaka lero akutayabe. A Levi sanadandaule, ndipo ngakhale akanalanda makiyi sakanapita patali, pakuti chingwe cha batire chinali m'thumba la a Levi kuyambira mmawa.

Wachiwiri anali mphunzitsi wofatsa amene ankafuna kutenga galimoto lero n'kumalipira mwezi ndi mwezi. A Levi anamumvetsera mwaulemu, namuuza kuti maganizowo ndi abwino zedi, ndipo mwezi woyamba atenge tayala limodzi, mwezi wachiwiri chiwongolero, mpaka galimoto idzakwane. Mphunzitsiyo sanaseke.

Wachitatu anali a Shabani, ogula mbuzi m'midzi n'kumagulitsa nyama pa Namitambo, munthu wa kofia yoyera ndi mawu ochepa. Awa ndiye anagona pansi pa galimoto, ananunkhiza oilo, anainyoza kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo a Levi mtima unakhala pansi, podziwa kuti apeza wogula weniweni. Ananenererana mpaka dzuwa kupendeka, namvana pa thu miliyoni ndi hafu. Mmawa mwake a Shabani anabwera ndi jumbo yakuda yotupa, naiika pa boneti.

A Levi anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

Tsono apa pafunika kunena chilungamo. A Levi anali mkulu wa mpingo, ndipo za matsenga ankazitsutsa paguwa ndi mawu amphamvu. Koma m'kachikwama kawo ka ndalama simunkasowa kakhala ka makala kotetezera chitaka, matsenga aja amati munthu akakupatsa ndalama yake, imabwerera kwa mwini wake itatenganso zinzake zimene yazipeza m'thumba mwako. Ndipo pa Namitambo pankamveka manong'onong'o akuti a Shabani mbuzi zawo sizitha, ndalama zawo sizitha, ndiye kuti pali kanthu. Kanthuko kanali kudzuka mbandakucha ndi kusamwa mowa, koma zimenezo anthu sakonda kumva.

"Achimwene, werengani," anatero a Shabani.

"Iyayi amwene, zisatuluke m'jumbomo. Sikuti ndikukuganizirani zoipa ayi, koma ndalama za pamsika zimayenda m'manja ambiri."

A Shabani anamva bwinobwino chimene chikunenedwa, ndipo chinawapweteka, koma galimoto ankaifuna.

"Chabwino. Nde tiyeni ku banki ku Limbe. Ndikaika pakauntala inu muli pompo. A banki awerenge okha, aone ngati muli yabodza, akuuzeni pakamwa kuti zalowa mu akaunti yanu. Mukamva zimenezo mundipatse makiyi ndi bulu buku wa galimotoyi, tikasinthe dzina. Anthu amagulitsana choncho."

Anthu amagulitsana choncho ndithu, ndipo a Levi akanamvera, nkhani ino ikanathera pomwepa. Koma banki ili ndi khalidwe limodzi loipa: ndalama ikalowa imatumiza uthenga pafoni. Ndipo chiyambire ng'ala ija, amene ankawerenga mauthenga onse a pafoni ya a Levi, mokweza, madzulo aliwonse akatha kudya, anali mayi Ellina.

"Banki ayi," anatero a Levi.

"Pafoni?"

"Pafoni ndiye ayi weniweni."

"Pamanja mwakana, banki mwakana, foni mwakana. Nde ndikulipireni chani, mbuzi?"

A Levi anaganizira za mbuzizo kamphindi, chifukwa sanali munthu wotaya maganizo a mnzake, koma mbuzi zimalira ndiponso zimafa. Ali mkati moganiza, nzeru inawafikira, yokongola moti anaseka okha. Kodi ndalamazo ankazifuniranji? Malata, simenti, chitseko, mafelemu a mawindo, misomali. Nanga bwanji ndalamazo zisadutse n'komwe m'manja mwawo? A Shabani akalipire okha kuhadiweya, katundu akwere pagalimoto, a Shabani ayendetse mpaka ku Mbombwe, katundu akatsike kwa Agnes, ndipo pamenepo bulu buku asinthe manja. Lata ukaligogoda silinama. Silitumiza meseji. Ndipo chitaka chokoka thumba la simenti sichinamvekepo m'boma lonse la Chiradzulu.

A Shabani anavula kofia, anakanda m'mutu, naivalanso.

"Petulo wa ulendowu achoke pa mtengo wanu," anatero.

Tsiku la ku Limbe linali limodzi mwa masiku okoma a moyo wa a Levi. Maso anali ofooka koma zala zinkakumbukira. Lata lililonse analigogoda, analipinda pang'ono pakona, lopyapyala n'kulibweza. Thumba lililonse la simenti analipapasa kuona ngati lagwirana. Anasankha chitseko chimodzi cholimba ndi timafelemu tiwiri ta mawindo, zokwanira kanyumba ka munthu mmodzi. A Shabani analipira pakauntala, a Levi ataima chapatali manja kumbuyo, osakhudza ngakhale ndalama imodzi. Bulu buku anali mkati mwa malaya, pamimba penipeni. Atamanga katundu ndi zingwe, galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, malata atatulukira kumbuyo, kansalu kofiira kakulendewera. A Levi anakwera kumanzere, namanga chitseko ndi linya, akudziona wochenjera kuposa akuba onse a mu Limbe, asing'anga onse ndi alamu onse.

Chimene anaiwala n'chakuti ndalama imabisala m'thumba, pamene malata amaonedwa ndi mzinda wonse.

Asanatuluke mu Limbe, cha pafupi ndi msika, panaima mayi wina ndi madengu opanda kanthu, akukupiza chitenje. A Levi sanamuone bwino, koma mawu anawazindikira.

"Bambo a Thandie! Imani, bambo a Thandie!"

Anali Nabanda, wogulitsa tomato, woyandikana nawo nyumba ku Mauwa, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwake sichedwa kutuluka pakamwa, itanenepa kale.

"Ndipitirire?" anafunsa a Shabani.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanayang'ana kumbali. Woyendetsa anali wina, galimoto inali yodzaza, ndipo maso anali ndi chifukwa chomveka. Koma dzanja la a Levi linagogoda lokha padashibodi.

"Imani. Ngwakumudzi ameneyo."

Nabanda anaponya madengu, nakwera, nakhala pa simenti, nasuzumira pamene panali galasi paja.

"Eee, malata onsewa? Ndi a ndani?"

A Levi anaganiza mofulumira. Kutchula Mbombwe kunali chimodzimodzi kuwauza mayi Ellina pamaso. Akananena kuti ndi a a Shabani, Nabanda akanafunsa kuti nanga munthu wa ku Namitambo akupita nawo kuti njira ino. Anatola bodza limene linali pafupi.

"Ndikufuna ndiwadzidzimutse amake Thandie. Denga lija latopa. Koma chonde, musauze munthu. Tikakutsitsani pamphambano, ife tikazungulira kaye kwina."

"Ine? Pakamwa panga mukupadziwa," anatero Nabanda, akumasula foni m'chitenje.

Galimoto yolemedwa chotero sithamanga. Inaima kumwa madzi pachitunda choyamba, inaimanso pachotsatira, ndipo nthawi yonseyi kumbuyo kunkamveka kunong'ona kwa munthu amene akuuza mnzake mmodzi yekha, kenako mnzake wina mmodzi yekha. A Shabani ankayang'ana msewu, mapewa akugwedezeka. A Levi anawafunsa ngati akudwala, iwo n'kuti ndi mabampu.

Mphambano imene msewu wa ku Mbombwe umapatukira sinali kutali ndi mudzi wa mayi Ellina. Akuyandikira, a Levi anaona zinthu zoyera ndi zakuda zitatseka msewu. Anaganiza kuti ndi apolisi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anapemphera kuti akhaledi apolisi. Kenako anamva nthungululu. Anali amayi a mumpingo, ena atavala yunifolomu mothamanga, ena ndi makasu m'manja kuchokera kudimba, akuimba nyimbo imene anaipeka panjira, ya mwamuna wodziwa kusamala mkazi.

"Khotani, khotani msanga," ananong'ona a Levi.

"Ndikhotere pa anthu?" anafunsa a Shabani. "Ine ndimapha mbuzi basi."

Patsogolo pa gululo pankavina a Bernard, atakweza nthambi ya mtengo. Anafika pawindo, nagwira dzanja la a Levi ndi manja awiri.

"Alamu, ine ndimauza anthu tsiku lililonse kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu."

Sanauzepo munthu aliyense zotero. Anakwera pa simenti pambali pa Nabanda, nayamba kulozera njira, ngati kuti galimotoyo sinkadziwa kwawo. Msewu wa ku Mbombwe unatsala kumbuyo, a Levi atautembenukira khosi mpaka linawawa.

Mayi Ellina anawapeza pakhonde akusankha nandolo m'lichero. Nkhani inali itawafika kale, koma sanaikhulupirire, pakuti mwamuna wawo ankamudziwa. Ataona malata, anaika lichero pansi. Sanaimbe nawo, sanavine. Anangoyang'ana denga lawo la dzimbiri, limene kwa zaka zambiri mvula ikagwa ankalitchera mabeseni, nayang'ananso amuna awo, misozi n'kulengeza. A Levi manyazi anawagwira. Chikwatirane chawo sanaonepo akazi awo akuwayang'ana choncho, ndipo ankadziwa kuti sakuyenera.

Katundu anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera, pakuti manja anali ambiri. Atatha, a Shabani anabwera pafupi, nafunsa motsitsa mawu, ulemu wonse, ngakhale m'maso munali kuseka.

"Achimwene, malipiro afika bwino? Chitaka sichinakokeko lata panjira?"

"Afika," anatero a Levi, napisa dzanja m'malaya.

Bulu buku anatuluka atanyowa ndi thukuta. Anagwirizana tsiku lokasintha dzina, ndipo a Shabani analiza galimoto, nachoka. A Levi anaimva ikutsetsereka, ikuwoloka dambo, ikutsokomola pachitunda cha kutsidya, mpaka zii. Anamva chisoni chachikulu, ndipo panalibe woti n'kumuuza.

Anthu atafunsa kumene galimoto ikupita, zinadziwika kuti a Levi aigulitsa kuti afolere nyumba ya akazi awo. Apa ndiye mbiri inakula. Lamulungu abusa anawatchula mu ulaliki, n'kuwaimiritsa kuti mpingo uwaone. Amayi a m'mudzi anayamba kuyang'ana njinga ndi mawailesi a amuna awo ndi diso lachilendo, ndipo amunawo anasiya kuwapatsa moni a Levi. A Bernard okha ndiye ankabwera mmawa uliwonse kudzasisita simenti, n'kumanena kuti matumba angapo akatsala, kwawonso pansi pafunika kukonza.

Koma a Levi anali asanagonje. Munthu amene wasunga pulani yake nthawi yaitali saitaya tsiku limodzi. Mmisiri wofolera, a Maluwa, atabwera ndi makwerero awo, a Levi anawatengera kuseri kwa bafa. Mmisiri aliyense akakhoma lata, nsonga ya msomali imene yatulukira kunsi kwa thabwa amaipinda, kuti mphepo isazule denga. Msomali wopindidwa sutuluka popanda kung'amba lata.

"Yanga musapinde," anatero a Levi. "Muzingokhoma basi."

"Nanga mphepo?"

"Mphepo ndilankhula nayo ine. Pali tsiku malatawa adzafunika kwina."

A Maluwa anagwedeza mutu, nakwera. Koma mmisiri amaopa kuononga dzina lake kuposa mmene amaopera mwini nyumba. Tsiku lotsatira, mayi Ellina atabweretsa tiyi ndi chinangwa, a Maluwa analankhula akuuzira tiyi.

"Mayi, mphepo ya mvula yoyamba ikadzanyamula dengali musadzatchule ine. Bambo akaniza kupinda misomali. Akuti malatawa adzafunika kwina."

Mayi Ellina analowa m'chipinda mmene munasungidwa katundu wotsala, nayang'ana chitseko chatsopano chija. Nyumba yawo inali nacho kale chitseko chabwinobwino. Anayang'ana timafelemu tiwiri tija, tosakwana pawindo lililonse la nyumbayo. Anayang'ana simenti, yochuluka kuposa imene denga lingafune. Anatuluka, nawapeza a Levi atakhala pamthunzi, akunamizira kusoka nsapato.

"Bambo a Thandie, kanyumba kameneka kanali ka ndani?"

A Levi anayamba kutsokomola.

"Ngati ndi mkazi, nenani. Ndikamuone, ndikamuuze kuti mumaliza mkonono ndipo therere lopanda tomato simudya."

"Mkazi wachani, ndi maso amenewa?" anatero a Levi. Kenako anaika nsapato pansi. "Kanali kanga. Ku Mbombwe, kwa Agnes."

Anafotokoza zonse mutu uli pansi: mantha awo, banki imene anaikana, bodza limene anamuuza Nabanda. Mayi Ellina anamvetsera mpaka kumapeto. Za mkazi wina akanatha kuzilimbana nazo, mwina mpaka kuseka. Izi ndiye zinawapweteka kwambiri.

"Nde zaka zonsezi ine ndimati ndili ndi mwamuna, kani ndikusunga mlendo wodikira minibasi. Ine ndikatsokomola, inu mumayamba kulongedza."

"Si choncho, amake Thandie. Koma achimwene anu aja..."

"Achimwene anga ndimawadziwa kuposa inu. Sindikunamizani kuti ndi mngelo, ndipo ndikadzafa sindidzadzuka kudzakutetezani. Koma mukanandiuza. Ine miyendo ndili nayo, ku Mbombwe ndimakudziwa. Bwenzi titaumba njerwa tonse, kanyumbako kali ka anthu awiri. Inu mwakagula katundu wa munthu mmodzi."

Anapukuta m'maso ndi chitenje, naloza makwerero.

"Malata ndi anu, munagulitsa galimoto yanu. Ngati mukuwafuna, zulani lero ndikuona, ndikuthandizani n'kusenza komwe. Koma zoti ndizigona pansi pa denga limene likudikira maliro anga, ndakana."

Analowa m'nyumba.

A Levi anakhala pamenepo nthawi yaitali. Pamwamba a Maluwa anali atasiya kukhoma, akunamizira kufunafuna pensulo, makutu ali tcheru. Denga latsopano linkawala moti ngakhale maso a ng'ala ankaliona. Galimoto yawo yonse inali pamenepo, pamalo a eni ake, ndipo misomali ikangopindidwa sakanachotsapo kanthu mpaka kalekale. Zimenezo ankazidziwa bwinobwino. Ankadziwanso kuti m'nyumbamo muli munthu amene akulira mosafuna kumveka.

Anadzuka, nayenda mpaka pansi pa makwerero, nawagwira ndi dzanja limodzi.

"A Maluwa."

"Wawa."

"Misomali ija pindani. Yonse, ndi ya dzulo yomwe."

A Maluwa anati ntchito yobwereza ili ndi mtengo wake. A Levi anapisa m'thumba la kumanja, napisanso la kumanzere, ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu.

"Pindani," anatero mayi Ellina m'nyumbamo, mawu ali olira. "Ndilipira ine."